Rachel Carson: Mai Amene Anaimira Mbalame pa Mlandu

M'mwezi wa Januwale chaka cha 1958, mai wina wa m'tauni ya Duxbury, m'chigawo cha Massachusetts ku America, dzina lake Olga Owens Huckins, analemba kalata kwa mnzake wakale. Maiyo anali ndi kankhalango pafupi ndi nyumba yake kamene anakasiya dala osakadula kuti mbalame zizikhalamo. Chaka cham'mbuyo mwake ndege inadutsa pamwamba pa dera lawo ikupopera mankhwala a DDT ophera udzudzu, ndipo m'masiku otsatira iye anatola mbalame zakufa pabwalo pake, milomo ili yasa, timiyendo titapindikira pachifuwa. Udzudzuwo sunathe ai. Tsono m'kalatamo anafunsa ngati mnzakeyo akudziŵa munthu wina ku likulu la dziko, ku Washington, amene akanatha kuletsa ndege zimenezi. Mnzakeyo anali Rachel Carson, amene mbiri yake tikuisimba lero m'ngodya yathu ino. Anafunafuna munthu woti alembe za nkhaniyi, namusoŵa, ndipo pomaliza anaona kuti ntchitoyo yagwera iye mwini. Inamtengera zaka zinai, pa zaka zisanu ndi chimodzi zimene zinamtsalira pa moyo wake.

Rachel Louise Carson anabadwa pa 27 Meyi 1907 ku Springdale, kamudzi ka m'mbali mwa mtsinje wa Allegheny, kumtunda kwa mzinda wa Pittsburgh m'chigawo cha Pennsylvania. Anali mzime m'banja la ana atatu. Bambo ake, a Robert Carson, anali ndi malo okwana maekala 65, koma ndalama sizinkawayanja, ndipo nyumba yawo inalibe ngakhale madzi a m'mipopi. Amai ake, a Maria, anali mphunzitsi asanakwatiwe, ndipo pakuti masiku amenewo mkazi akaloŵa m'banja ankasiya kuphunzitsa, luso lawo lonse analithira mwa mwana wamng'onoyo. Ankayenda naye m'thengo kumuuza maina a mbalame, a maluŵa ndi a tizilombo. Komatu musaganize kuti Springdale anali malo a mpweya wabwino. Pittsburgh unali mzinda wa zitsulo ndi malasha, utsi unkada kumwamba, mtsinje unkanyamula zonyansa za m'mafakitale, ndipo fakitale ya guluu ya m'mudzimo inkatulutsa fungo loipa lofika mpaka pakhonde.

Mtsikanayu ankafuna kudzakhala mlembi wa mabuku. Kankhani kake koyamba kanatuluka m'magazini ya ana yotchedwa St. Nicholas mu 1918. Mu 1925 analoŵa koleji ya atsikana ya Pennsylvania College for Women, imene lero ndi yunivesite ya Chatham, kukaphunzira Chingerezi. Fizi inali yovuta. Amai ake ankaphunzitsa ana kuimba piyano ndi kugulitsa katundu wa m'nyumba kuti mwana asabwerere kumudzi. M'chaka chachiŵiri malamulo a pakolejipo anamkakamiza kutengako phunziro limodzi la sayansi, ndipo anagwa m'manja mwa mphunzitsi wa sayansi ya zamoyo, Mary Scott Skinker. Aphunzitsi amene mukuŵerenga nkhaniyi mukudziŵa mmene zimakhalira mwana akatsegukira maso pa phunziro limene sanalifune. Mu Januwale 1928 Rachel anasiya Chingerezi natenga sayansi ya zamoyo, ngakhale ambiri pakolejipo anamlangiza kuti mkazi sangadye sayansi. Anakhoza bwino kwambiri mu 1929, ndipo m'chilimwe cha chaka chomwecho anapita ku malo ofufuzira za m'nyanja a ku Woods Hole. Kumeneko ndiko anayamba kuidziŵa nyanja yamchere, ali ndi zaka 22, nyanja imene kufikira nthaŵi imeneyo ankangoiŵerenga m'mabuku.

Ku yunivesite ya Johns Hopkins, mumzinda wa Baltimore, anatenga digiri yachiŵiri mu 1932, atafufuza mmene impso zoyamba zimapangikira mwa tiana ta nsomba ya mtundu wa mlamba. Anafuna kupitiriza mpaka udokotala, koma zaka zimenezo chuma cha America chinali chitagwa, ndipo banja lonse linkayang'ana kwa iye. Anasiya sukulu mu 1934. Bambo ake anamwalira mwadzidzidzi mu 1935. Mu 1937 mkulu wake Marian anamwaliranso nasiya ana aakazi aŵiri, ndipo Rachel ndi amai ake anawatenga. Kuyambira pamenepo mpaka imfa yake sanakhalepo wopanda munthu wodalira dzanja lake. Sanakwatiwe.

Ntchito inapezeka ku nthambi ya boma yoona za nsomba. Mkulu wina kumeneko, Elmer Higgins, anali ndi vuto: nthambiyo inayenera kukonza nkhani 52 za pawailesi, iliyonse ya mphindi zisanu ndi ziŵiri, zonena za moyo wa m'madzi, koma akatswiri ake ankalemba zogonetsa tulo. Rachel anazilemba bwino kotero kuti mu 1936, atapambana onse pa mayeso a ntchito za boma, analembedwa ntchito yokhazikika. Anali mkazi wachiŵiri kupatsidwa udindo wotere m'nthambiyo. Tsiku lina Higgins anakana nkhani imene iye analemba, osati chifukwa choipa, koma chifukwa inakongola kuposa kapepala ka boma, namuuza kuti aitumize ku magazini ya Atlantic Monthly. Inatuluka mu 1937. M'nkhani imeneyo munabadwa buku lake loyamba, Under the Sea-Wind, limene linatuluka mu Novembala 1941. Patangopita mwezi umodzi Japan inaphulitsa Pearl Harbor, America inaloŵa nkhondo, ndipo bukulo linaiŵalika m'masitolo.

Anapirira zaka zina khumi, usana kukonza zolemba za boma, usiku kulemba zake. Mu 1949 anakhala mkonzi wamkulu wa mabuku onse a bungwe la boma la Fish and Wildlife Service. Mu 1951 anatulutsa The Sea Around Us, mbiri ya nyanja zamchere: chiyambi chake, mafunde, mapiri obisika pansi pa madzi, ndi zamoyo za kumdima kumene dzuŵa silifika. Bukuli linakhala pa mndandanda wa mabuku ogulidwa koposa wa nyuzipepala ya New York Times masabata 86, linalandira mphoto ya National Book Award mu 1952, ndipo linamasuliridwa m'zinenero zambiri. Pamenepo anasiya ntchito ya boma, namanga kanyumba pachilumba cha Southport m'chigawo cha Maine, pomwe madzi akaphwa ankatha maola ambiri ataŵerama pa timathaŵale ta m'miyala, galasi lokuzira zinthu lili m'manja. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo buku lake lachitatu, The Edge of the Sea, la mu 1955, linachokera m'kudekha kumeneko.

Akadafuna akadathera pomwepo, wotchuka, wokondedwa ndi onse, wopanda mdani. Koma mu 1957 mmodzi wa ana a mkulu wake aja, Marjorie, anamwalira nasiya mwana wamwamuna wa zaka zisanu, Roger. Rachel, ali ndi zaka 49, anamtenga kukhala mwana wake, uku akusamalira amai ake okalamba. Kalata ya ku Duxbury ija inamupeza ali m'kati mwa zimenezi.

Tiyeni tiime pang'ono tione chimene DDT anali. Mankhwalaŵa anapangidwa koyamba mu 1874, koma mphamvu yake yopha tizilombo anaitulukira Paul Müller wa ku Switzerland mu 1939. Pa nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse anathandiza zedi: mumzinda wa Naples, kumapeto kwa 1943 ndi kuchiyambi kwa 1944, anthu ambirimbiri anawazidwa ufa wa DDT m'zovala kupha nsabwe, ndipo mliri wa matenda a typhus unazima. Asilikali anapulumuka ku malungo. Müller analandira mphoto ya Nobel mu 1948, ndipo anaiyenera. Anali mankhwala otsika mtengo, osapha munthu pomwepo, ndiponso okhalitsa: ukapopera pakhoma lero, udzudzu umafabe patapita miyezi. Nkhondo itatha anayamba kugulitsidwa kwa aliyense, ndipo pambuyo pake panabwera ena aukali kuposa iwo, monga dieldrin ndi heptachlor. Ndege zinkapopera minda, nkhalango, madambo ndi midzi yomwe. Mu 1957 zinapopera chilumba cha Long Island pofuna kupha mbozi zodya masamba a mitengo, ndipo eni malo ena anakasuma ku khoti koma anagonja. Kum'mwera kwa dzikolo boma linayamba nkhondo yolimbana ndi nyerere zoluma, ndipo m'minda yopoperedwayo munafa mbalame, nsomba, ziŵeto ndi nyama za m'thengo. Carson anali atakayikira kale mankhwalaŵa. Mu 1945 anapempha magazini ya Reader's Digest kuti alembepo nkhani, koma sanamlabadire.

Iye sanachite kafukufuku wake wa m'chipinda choyezera zinthu, ndipo adani ake anamtonza nazo. Ntchito yake inali ina. Umboni unalipo kale, koma unali womwazikana: katswiri wa mbalame ankadziŵa zake, wa nsomba zake, wa nthaka zake, dokotala wa khansa zake, ndipo aliyense ankalemba m'magazini oŵerengedwa ndi anzake okhaokha. Carson analemba makalata mazanamazana, naŵerenga malipoti osaŵerengeka, naika zidutswazo pamodzi mpaka chithunzi chinaoneka. Nkhani imodzi mwa zimene anasonkhanitsa ndi yoyenera kuifotokoza bwino, chifukwa m'menemo muli phata la zonse.

Ku California kuli nyanja yaing'ono yotchedwa Clear Lake. M'nyanjamo mumaswana tizilombo touluka, tosaluma, timene timatuluka m'madzi mwaunyinji. A kunyanja kwathu kuno akutidziŵa, pakuti n'tapachibale ndi nkhungu zimene zimakwera ngati utsi pa Nyanja ya Malaŵi, zimene anthu amakola ndi kuphika ndiwo. Ku California sanaone ndiwo, anaona chosokoneza alendo odzaŵedza nsomba. Motero mu 1949 anathira m'nyanjamo mankhwala a DDD, mbale wake wa DDT, pa mlingo wochepetsetsa: gawo limodzi la mankhwala pa magawo 70 miliyoni a madzi. Tizilomboto tinatha, koma patapita zaka tinabwerera. Anathiranso mu 1954, gawo limodzi pa magawo 50 miliyoni, ndiponso mu 1957. Atathira kachiŵiri paja, mbalame zodya nsomba zotchedwa grebe zinayamba kufa. Panalibe matenda opatsirana. Akatswiri atapima mafuta a m'thupi mwa mbalamezo anapeza mankhwala ofika magawo 1,600 pa miliyoni, ndiye kuti kuŵirikiza ka 80,000 mlingo umene unathiridwa m'madzi.

Zinatheka bwanji? Mankhwala a mtundu umenewu sasungunuka bwino m'madzi koma amasungunuka m'mafuta, ndipo thupi silitha kuwaphwanya msanga kapena kuwataya. Tizomera ndi tizilombo tosaoneka ndi maso toyandama m'madzi tinamwa pang'ono pang'ono n'kusunga. Nsomba yaing'ono inadya tinthu timeneti zikwizikwi n'kusunga zonse zimene tinasunga. Nsomba yaikulu inadya zing'onozing'ono mazanamazana, ndipo mbalame inadya zikuluzikuluzo. Pa sitepe iliyonse chakudya chimagayidwa n'kutha, koma poizoni amatsala ndi kuunjikana. Taganizani za usipa umene umadya tinthu ta m'madzi, ncheni imene imadya usipa, ndi nkhwazi imene imadya ncheni: wolandira katundu yense ndi amene ali pamwamba. Ndipo munthu nayenso amadya nsomba. Masiku ano mwana wa sekondale amaphunzira zimenezi m'kalasi, koma mu 1958 anthu wamba sankazidziŵa, ndipo opanga malamulo ankangofunsa funso limodzi: kodi mlingo uwu ukupha munthu lero?

Nkhani ya mbalame zotchedwa robin inali yofanana. Pa yunivesite ya Michigan State anayamba kupopera mitengo ya elm mu 1954 pofuna kuiteteza ku matenda ofalitsidwa ndi tizikumbu. Masamba opoperedwa anayoyoka, nyongolotsi zinadya masambawo ataola, ndipo chaka chotsatira mbalame zitabwerako kumene zinathaŵira chisanu zinadya nyongolotsizo, zinanjenjemera, n'kufa. Katswiri wa mbalame wa pa yunivesiteyo, George Wallace, anaziŵerenga chaka ndi chaka. Apa mpamene panachokera dzina la bukulo, Silent Spring. Kumaiko ozizira, chisanu chikatha, mitengo imaphukira ndipo mbalame zimabwerera ndi phokoso lalikulu la m'mamaŵa. Dzinalo likunena za nyengo imeneyo itafika koma kuli zii.

Ntchito ili m'kati, mavuto anamuunjikira. Amai ake, amene anakhala nawo pafupifupi moyo wake wonse, anamwalira mu Disembala 1958. Mu Epulo 1960 anachitidwa opareshoni yochotsa bere. Anamfunsa dokotala mosapsatira ngati chotupacho chinali khansa, koma dokotalayo sanamuuze zoona, monga ankachitira madokotala ambiri a masiku amenewo kwa odwala aakazi. Miyezi yamtengo wapatali inatayika. Mu Disembala chaka chomwecho dokotala wina wa ku Cleveland, George Crile, ndiye anamuuza kuti ndi khansa ndipo yafalikira. Pamwamba pa izo anadwala zilonda za m'mimba, kutupa kwa mawondo kumene kunamlepheretsa kuyenda, ndi nthenda ya maso imene kwa kanthaŵi inamletsa kuŵerenga. Matendaŵa anawabisa kwa anthu onse kupatula anzake apamtima oŵerengeka, makamaka Dorothy Freeman, mnansi wake wa ku Maine amene ankalemberana naye makalata ambirimbiri. Chifukwa chake n'chomveka. M'bukumo munali mitu yonena za khansa, ndipo ankadziŵa kuti adani akamva adzanena kuti ndi mkwiyo wa wodwala.

Zigawo za bukuli zinayamba kutuluka m'magazini ya The New Yorker pa 16 Juni 1962, ndipo buku lenileni linatuluka pa 27 Sepitembala. Kumapeto kwake kunali masamba oposa 50 osonyeza kumene mfundo iliyonse inachokera. Anamanga linga asanaone mdani. Nthaŵinso inamkomera. Anthu anali atamva kale kuti fumbi la mabomba a nyukiliya oyesedwa mumlengalenga likupezeka mu mkaka ndi m'mano a ana, ndipo m'miyezi yomweyo kunamveka za mankhwala a thalidomide amene anapundula makanda m'mimba ku Ulaya. Mau akuti akatswiri akudziŵa zimene akuchita anali atayamba kuchepa mphamvu.

Makampani opanga mankhwala sanakhale chete. Kampani ya Velsicol inalembera osindikiza bukulo, a Houghton Mifflin, kuwaopseza ndi mlandu, koma iwo sanasunthike. Kampani ya Monsanto inafalitsa kankhani konyoza kosonyeza dziko litadyedwa ndi tizilombo chifukwa chosoŵa mankhwala. Ena anasiya mfundo n'kuyamba kukamba za munthu: ati ndi mkazi wotengeka mtima, wosakwatiwa, wokonda mbalame ndi amphaka kuposa anthu, wopanda digiri ya udokotala, kapenanso wogwirizana ndi achikomyunizimu. Zimenezi zinangothandiza kugulitsa bukulo. Pa 3 Epulo 1963 wailesi ya kanema ya CBS inaonetsa mbali zonse ziŵiri. Woimira makampani, Robert White-Stevens, anavala chovala choyera cha akatswiri nalankhula mokweza kuti kutsata Carson n'kubwerera ku nthaŵi ya njala ndi miliri. Carson anakhala pampando m'nyumba mwake, nayankha motsitsa mau, mosathamanga. Oonera mamiliyoni sanadziŵe kuti tsitsi la kumutu kwake linali lovala, ndi kuti khansa inali italoŵa m'mafupa.

Pulezidenti John Kennedy anali atalamula kale alangizi ake a sayansi kuti aifufuze nkhaniyi. Lipoti lawo linatuluka pa 15 Meyi 1963, ndipo pa mfundo zikuluzikulu linagwirizana ndi Carson, nililangiza kuti mankhwala okhalitsa achepetsedwe pang'onopang'ono mpaka asiyidwe. Pa 4 Juni iye anakaonekera pamaso pa komiti ya nyumba ya malamulo ya Senate yotsogozedwa ndi Abraham Ribicoff. Tiyenera kutsindika apa zimene anapempha, popeza ambiri amamnamizira. Sanapemphe kuti mankhwala onse ophera tizilombo aletsedwe. Anapempha kuti asamamwazidwe mwachisawawa ndi ndege, kuti ayambe ayesedwa mokwanira asanagulitsidwe, kuti munthu akhale ndi ufulu wokana kupoperedwa poizoni pakhomo pake, ndi kuti boma lilimbikitse njira zina. Njira imodzi imene anaiyamikira inali ya Edward Knipling, yoŵeta ntchentche zamphongo zambirimbiri, kuzifula ndi cheza, n'kuzimwaza kuti zazikazi ziikire mazira osaswa. Njira yomweyo ndiyo inathetsa kashembe pachilumba cha Unguja ku Zanzibar pofika mu 1997.

Anamwalira pa 14 Epulo 1964 kunyumba kwake ku Silver Spring, m'chigawo cha Maryland, ali ndi zaka 56. Roger anali ndi zaka 12. Gawo la phulusa la thupi lake linaikidwa m'manda pafupi ndi amai ake, ndipo lina Dorothy Freeman anakalimwaza pagombe la miyala la ku Southport. Sanaone bungwe la boma loteteza chilengedwe la Environmental Protection Agency likukhazikitsidwa mu 1970, kapena DDT akuletsedwa pa ulimi wa ku America mu 1972. Mendulo ya ulemu waukulu koposa wa dzikolo anampatsa Pulezidenti Jimmy Carter mu 1980, mwini wake atagona zaka 16.

Umboni wamphamvu koposa unabwera iye atapita. Carson ankadziŵa kuti ziombankhanga ndi akabaŵi akulephera kuswa ana, koma njira yake inali isanadziŵike. Mu 1967 Derek Ratcliffe wa ku Britain anachita chinthu chosavuta koma chanzeru: anapita m'nyumba zosungira zinthu zakale ndi kwa anthu osunga mazira a mbalame, nayeza kulemera kwa zigoba za mazira otoledwa m'zaka zosiyanasiyana. Anapeza kuti kuyambira cha m'ma 1947, DDT atangofala, zigoba za mazira a akabaŵi zinapyapyala mwadzidzidzi. Pambuyo pake kunadziŵika kuti DDT akaloŵa m'thupi amasanduka DDE, amene amasokoneza kayendedwe ka laimu wopangira chigoba m'thupi la mbalame yaikazi. Make akakhalira dzira, dzira limaphwanyika. Zomwezo zinapezeka kufupi ndi kwathu kuno: ku Zimbabwe, kumene DDT ankapoperedwa m'tchire polimbana ndi kashembe, ofufuza a m'zaka za m'ma 1980 anapeza zigoba zopyapyala m'zisa za nkhwazi za ku nyanja ya Kariba.

Tsono pali mlandu wina umene ife a ku maiko a malungo sitingaulambalale. Alipo amene amanena kuti Carson anaphetsa ana a mu Africa mamiliyoni, pochititsa kuti DDT aletsedwe. Ndi mau olemera, ndipo amene anaikapo mwana m'manda chifukwa cha malungo ali ndi ufulu wofunsa. Koma mbiri ikunena zina. Chiletso cha mu 1972 chinali cha dziko la America lokha. Pangano la maiko la ku Stockholm la mu 2001, limene linaletsa mankhwala okhalitsa ambiri, linasiya khomo lotsegula kuti DDT azigwiritsidwa ntchito popopera m'nyumba polimbana ndi udzudzu. Ntchito yaikulu ya bungwe la zaumoyo la dziko lonse yothetsa malungo, ya kuyambira mu 1955 mpaka 1969, sinafike n'komwe m'maiko ambiri a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Ndipo kumene DDT anafooka, chifukwa chachikulu chinali chakuti udzudzu unazoloŵera, zimene zinaoneka ku Greece kale mu 1951. Popopera minda ya thonje ndi mpunga ndi mankhwala omwewo, alimi ankapha udzudzu wofooka n'kusiya wolimba kuti uswane. Carson analemba za ngozi imeneyi m'buku lake, nachenjeza kuti chida chopulumutsa miyoyo chikubunthitsidwa m'minda.

Komabe tisabise kuti dzina loipa la DDT linachititsa opereka thandizo ena kuzengereza kulipirira kupopera m'nyumba, ngakhale pomwe kukanathandiza. South Africa inasiya DDT mu 1996 n'kutenga mankhwala ena. Udzudzu wa mtundu wa Anopheles funestus unawazoloŵera, odwala malungo anapitirira 60,000 m'chaka cha 2000, ndipo dzikolo linabwerera ku DDT, matenda n'kutsika. Udzudzu womwewo wozoloŵera mankhwala a m'maneti unapezeka pambuyo pake ku Likoma ndi ku Chikwawa. M'kuona kwanga nkhani zimenezi sizikumtsutsa Carson. Supuni ya mankhwala pakhoma la chipinda chogona ndi matani a mankhwala omwazidwa ndi ndege pa dambo ndi zinthu ziŵiri zosiyana, ndipo iye ankalimbana ndi chachiŵiricho.

Pa za khansa, ena mwa mau ake anathamanga kuposa umboni umene unalipo mu 1962, ndipo akatswiri oona mtima anamdzudzula pa chimenecho. Funsolo lakhala lovuta kuyankha chifukwa matenda otere amaoneka patapita zaka makumi. Ku California ofufuza anasunga magazi a amai apakati zikwizikwi otengedwa kuyambira mu 1959 mpaka 1967. Mu 2015 Barbara Cohn ndi anzake anafalitsa zimene anapeza: ana aakazi amene amai awo anali ndi DDT wambiri m'magazi ali ndi pakati, anadwala khansa ya m'maŵere kuŵirikiza pafupifupi kanai poyerekeza ndi anzawo. Chaka chomwecho bungwe la dziko lonse lofufuza za khansa linaika DDT m'gulu la zinthu zimene zikuoneka kuti zimayambitsa khansa mwa anthu. Pansi pa nyanja, pakati pa Los Angeles ndi chilumba cha Catalina, ofufuza apeza DDT wochuluka m'matope, wotayidwa kumeneko zaka zoposa 60 zapitazo koma wosaphwanyikabe, ndipo zotsalira zake zapezeka m'matupi a nyama za m'nyanja ndi a miimba ikuluikulu yotchedwa condor imene imadya mitembo ya nyamazo pagombe.

Mafunso a ofufuza a masiku ano ndi ana a funso la ku Duxbury lija. Mu 2004 kunadziŵika kuti miimba ya ku Pakistan ndi India, imene inali itatsala pang'ono kutheratu, inkafa ndi mankhwala opha ululu a diclofenac otsalira m'mitembo ya ng'ombe. Mu 2017 akatswiri a ku Germany anaonetsa kuti m'malo otetezedwa a m'dzikolo kulemera kwa tizilombo touluka togwidwa m'misampha kunatsika ndi magawo oposa 75 pa 100 m'zaka 27. Mu 2018 maiko a European Union analetsa kugwiritsa ntchito panja mitundu itatu ya mankhwala a neonicotinoid chifukwa cha njuchi. Mu 2019 kuŵerengera kwina kunasonyeza kuti mbalame za ku United States ndi Canada zinachepa ndi pafupifupi mabiliyoni atatu chiyambire 1970, ngakhale apa zifukwa n'zambiri, ndipo chachikulu ndi kutha kwa malo okhala.

Chiombankhanga cha mutu woyera, chimene chili pa chidindo cha dziko la America, n'chapachibale ndi nkhwazi yathu, ndipo nachonso chimadya nsomba. Mu 1963, chaka chimene Carson anakaonekera ku Senate, m'zigawo 48 za dzikolo munaŵerengedwa mabanja 417 okha omanga zisa. DDT ataletsedwa, ndiponso alenje ataletsedwa kuziombera, zinayamba kuchuluka. Mu 2007 zinachotsedwa pa mndandanda wa nyama zotsala pang'ono kutha, ndipo lipoti la boma la mu 2020 linaŵerengera mabanja oposa 71,000. Cha m'ma 2013 zinayambanso kumanga zisa m'mbali mwa mitsinje ya ku Pittsburgh, kumene zinali zitasoŵa kwa mibadwo ingapo. Chisa chimodzi chinamangidwa ku Harmar, pamwamba pa mtsinje wa Allegheny, mtunda wa makilomita oŵerengeka kuchokera pa nyumba ya ku Springdale ija.